Diana wa a Moffat

Luckness anasiya ndowa pa mjigo n'kuyamba kutsatira amuna ake chapatali. A Moffat ankakwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi, foni ili m'manja, osacheuka. Kumeneko n'kumene netiweki imagwira bwino, ndipo aka kanali kachisanu kukwerako sabata imeneyo.

Zizindikiro zonse zinalipo. Munthu amene kale ankaiwala foni pa mphasa tsopano ankalowa nayo ndi kubafa komwe. Chakudya ankangojompha ngati nkhuku ya chitopa. Dzana, atagona masana pansi pa mtengo wa mango, anatchula dzina kutulo momveka bwino: Diana.

Ndipo nyengo yake inali yomweyi. Chaka chino a Moffat anakana kudzala chimanga m'munda waukulu, n'kudzalamo paprika yekhayekha. Ankauza aliyense, ngakhale potuluka m'tchalitchi, kuti tsabola ameneyu amadyedwa kutsidya kwa nyanja, si zogulitsa pa mulu ku Mponela ayi. Mu Julayi kunabwera lole n'kunyamula matumba makumi anayi, a Moffat atakhala kutsogolo ndi dalaivala. Kuyambira pamenepo, Luckness akafunsa za tsabolayo, yankho linali limodzi: zikuyenda.

Luckness anakulira pa esiteti ya fodya. Ankadziwa bwino kumene zinthu za mwamuna zimapita zikayamba kuyenda. Nkhokwe kunyumba inali itayamba kuonetsa pansi, mvula ili pafupi, koma kwinakwake kunali munthu amene ankadya thukuta lake. Pokwera phirilo anali atamujambula kale m'maganizo: woyera pang'ono, wa wigi, zikhadabo zopaka utoto, woti khasu sanaligwirepo.

Atafika pamwamba anabisala kuseri kwa mwala waukulu. A Moffat anaima pa chulu, anakonza kolala, kenaka anavula chipewa asanaimbe. Chikwatiraneni, Luckness anali asanavuliridwepo chipewa.

"A Diana, ndi ine ndithu, chonde musadule," anatero ndi mawu ofewa. "Munandilonjeza. Ine ndinasiya zonse chifukwa cha mawu anu. Kunyumba sindinaulule kanthu, koma mayi ayamba kundiyang'ana ndi diso lina."

Anamvetsera akugwedeza mutu, kenaka anapempha kuti mwina akumane Lachisanu, akambirane pamaso m'pamaso. Anati ngakhale pa njinga afika.

Apa Luckness sanathenso kupirira. Anatulukira, chitenje atamanga cholimba m'chiuno. A Moffat atamuona anatsetsereka pa chulu paja, chipewa chinagwera uko, ndipo foni anaipereka okha asanapemphedwe, ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'chitini cha shuga.

Mawu amene Luckness anakonza njira yonse anali ambiri, ena osayenera mayi wa chigwirizano. Koma anadzigwira.

"Ndinu a Diana? Ine ndine mkazi wa munthu mukumuzunguza mutuyu. Tandiuzani, mukufuna chiyani kwa amuna anga?"

Kunamveka kupuma kwa munthu wotopa. Chapatali mafoni ena ankalira osayankhidwa.

"Zikomo mayi, mwina inu mundimvetsa, poti bambowa ndawauza kasanu," anatero mayi wa pa foniyo. "Kuno ndi ku kampani yogula paprika. Ogula akunja aja anasintha maganizo, akuti apeza wotchipa kufupi ndi kwawo. Matumba anu onse akadali mosungira katundu ku Madisi. Mudzawatenge asanachite nkhungu."

Luckness anabweza foni ija pang'onopang'ono n'kukhala pa mwala. Anayang'ana munda waukulu kumunsi, kenaka amuna ake, amene ankakuntha fumbi pa chipewa.

"Bola chikanakhala chibwenzi, bambo a Madalitso," anatero. "Chimenecho ankhoswe akanachithetsa Loweruka lomwe lino."