Kadontho pakati pa mtsinje

Pamapu a mufoni ya bambo wina, kadontho kofiira kosonyeza pomwe panali mwana wake kanaima pakati pa mtsinje, kunsi kwa mlatho, osasunthanso. Bamboyo ankagwira ntchito yoyesa mapulogalamu a pafoni n'kulemba ngati ali abwino, ndipo pulogalamu yolondola komwe munthu aliyi anaiika mufoni ya mwana wake wamkazi m'mawa womwewo.

"Ikunama eti? Paja mumati zonsezi n'zachabechabe," anatero mkazi wake.

Bamboyo anaimbaimba, koma foni ya mwanayo sinkapezeka. Ali mkati mofunafuna nsapato, chitseko chinatseguka.

"Adadi, musandikalipire," anatero mwanayo, zovala zili zouma bwinobwino. "Foni ija yandipulumuka pamlatho n'kugwera m'madzi."

Madzulo ake bamboyo anaipatsa pulogalamuyo nyenyezi zonse zisanu, koyamba chiyambireni ntchito, kenako anaifufuta.