Mphindi Khumi za Magetsi

Mwamva za kwa a Nankhoma? Akuti dimba lawo lauma chifukwa kompyuta yawo inachedwa kudzuka. Anthu akunong'onezana pa mjigo, koma ine sindikuseka, chifukwa yathunso ndi nkhalamba.

Kuno nyumba iliyonse imalandira magetsi mphindi khumi zokha masana, ndipo nthawi yomweyo ndi yolembetsa madzi a kudimba pa kompyuta. Yathu imatha mphindi zisanu ndi zitatu ikungoyasamula. Dzulo magetsi anathima Amayi ali pakati polemba dzina, ndiye tomato wathu wayamba kufota.

Lero Anti Esinta, amene amakonza makompyuta, anabwera ndi fulashi, kachipangizo kosungira mapulogalamu.

"Muno muli ma Linux awiri opepuka, mapulogalamu oyendetsa kompyuta, onse aulere. Sankhani, achemwali."

Woyamba amadzuka pa mphindi zisanu, ndipo ali ndi tizithunzi tongodina. Wachiwiri amadzuka ukangoyatsa, koma ndi mdima wokhawokha, chilichonse umachita kulemba m'Chingerezi.

"Ine ndikufuna wa tizithunziyo," anatero Amayi. "Kadontho ka madzi ndimakazindikira."

"Netiweki ikavuta, mphindi zotsalazo sizikwana," Anti anayankha. "Tengani wachiwiriyu, azilemba Tiyamikeyu. Suli pasukulu iwe?"

Ine? Ine amene ndinalephera Chingerezi teremu yatha? Ndikaphonya chilembo chimodzi tomato wapita, ndipo pa mjigo azidzanong'ona dzina langa. Amayi angondiyang'ana n'kunena kuti ndisankhe ndekha, Anti abweranso mawa m'mawa. Mutu wanga waima. Inuyo mukanakhala ine, mukanaloza uti?