Nsomba Zosochera Pakhoma

Nsomba za kuwala zinatulukira pakhoma la holo ya sukulu, zobiriwira, zikugwedeza michira. Koma zinayambira malo olakwika.

Ndinali nditalemba pulogalamu ya pakompyuta yoti zichoke pakhomo, zisambire khoma lonse, zikaime pamwamba pa mpando wa Ye-som, mtsikana amene ndinkalephera kumulankhula. Mawa lake anali kusamukira ku Seoul. M'malo mwake nsombazo zinabadwira pamutu pake n'kuyamba kumuthawa.

"Tae-o, mbuzi iwe!" ananong'ona mnzanga Du-sik, milomo ili psuu ndi tsabola. "Poyambira ndi pothera unaziitana mumzere umodzi wa pulogalamu, eti?"

"Kunyumba zimayenda bwinobwino."

"Kompaila yakwanu, ija imamasulira pulogalamu kuti kompyuta imve, imayamba kuwerenga mzere kumanzere, aise. Ya pasukulu pano imayamba kumanja, ndiye poyambira ndi pothera zasinthana. Anakulonjeza ndani kuti zifanana?"

Muholo munali ngati pansi pa nyanja. Makatani otseka ankafufuma ndi mphepo ya kudoko, nkhope za anthu zikuyandama m'kuwala. Nsombazo zinadutsa pang'onopang'ono n'kudzasonkhana pakhomo, pamene ndinaima ine ndi kompyuta.

Aliyense anatembenuka. Ye-som anadzuka, natsatira mchira wa nsomba yomaliza mpaka kuima patsogolo panga.

"Wazipanga ndiwe?" anafunsa. "Nanga bwanji zikundithawa?"

Ndinayamba kudina mabatani a kompyuta.

"Zimabwera kwa iwe," ndinatero, mawu akutuluka ngati thovu la m'madzi. "Zasochera. Ndikonza pompano."

Anayang'ana khoma, kenako anayang'ana ine.

"Zisiye," anatero. "Ndabwera kale ndekha."