Mbereko ya Chisangalalo

Foni italira, aMagadalena anataya khasu pakati pa mizere ya kachewere n'kuthamangira pachulu, poti m'munda monsemo netiweki imagwira bwino pokhapo.

Anali mwana wawo Kalisto, akuimba pa vidiyo kuchokera ku Joni. Kumbuyo kwake kunali nyanja ya mchere, madzi okhaokha, ndi mlatho wamatabwa wolowa m'madzimo. Anthu ankangoyendayendapo, popanda ndi mmodzi yemwe wosenza kanthu.

"Mayi, lero sitili pantchito, tabwera kunyanja tonse. Tamuoneni mdzukulu wanu uyo!"

Kamtsikana ka diresi lachikasu kankathamanga pamatabwapo, ayisikilimu akuyenderera m'manja. Katayandikira m'mphepete, aMagadalena anatambasula mkono, n'kungogwira mphepo yozizira ya ku Chongoni.

"Mgwire mwanayo, iwe! Kodi Chisangalalo wayamba liti kuyenda?"

"Aa, Mayi, kalekale! Masiku ano kumubereka amakana, amati ndi wamkulu."

AMagadalena anayang'ana chitenje chimene anafunda. Anachigula ku Linthipe sabata imene mwanayo anabadwa, kuti adzamuberekere akadzabwera pa Khirisimasi. Makhirisimasi atatu anadutsa chili m'sutikesi; m'mawa umenewo chisanu ndicho chinachitulutsa.

"Nanga mubwera liti?"

Chithunzi chinaima, mwana ali mwendo m'mwamba, akuseka. Netiweki inali itathawa.

Anadikira, koma ayi ndithu. Kenaka anawerama, naika foni ija pamsana, naifunditsa chitenje, namanga mfundo pachifuwa. Anatsika pachulupo pang'onopang'ono, dzanja limodzi likugwiriza kumbuyo.