Kavalo Amene Anafika Pambuyo

Padangokhala Kavalo wa mipikisano amene anakalamba. Ogula nyama atamuzungulira, mayi Nasibeko, woumba mbiya, anamuwombola n'kukamuika m'khola la Bulu wawo.

"Achimwene," anatero Bulu, "kuno kulibe okuwomberani m'manja. Mawa tisenza mbiya kumka kumsika. Mukaswa imodzi, mubwerera kumpeni."

Kutacha ananyamuka. Panjira belu la sukulu linalira, ndipo Kavalo anangotsala pang'ono kuthamanga, pakuti moyo wake wonse belu linkatanthauza liwiro. Koma anadzigwira, namaponda momwe waponda Bulu, thukuta lili kamukamu.

Bulu anafika poyamba, nayamba kudzitama. Kavalo anafika pambuyo, mbiya osasweka ndi imodzi yomwe.

"Mwapambana ndinu, achimwene," anatero Kavalo, ali wefuwefu.

Mpaka lero Kavalo akadali kwa Nasibeko, ndipo amamusenzetsa ndi mazira omwe.