Theka la Ola

Ndowa inali itadzaza, botolo la klorini lili m'manja, koma bamboyo sankadziwa muyezo wake. Amene ankagwira ntchitoyi anali malemu mkazi wake.

"Ababa, suzumirani m'kachitsekeromo," anatero mwana wake wamkazi atagwira kapu.

Munali kamzere kokanda ndi mpeni. Anathira mpaka pakamzerepo, nakhuthulira m'ndowa, n'kutakasa. Koma mwana uja sanatunge.

"Si umati uli ndi ludzu, iwe?"

"Timadikira theka la ola. Podikirapo amayi ankandiluka tsitsi."

Bamboyo anayang'ana zala zake za umakaniko, zokhakhala, zakuda ndi girizi. Anasamba m'manja kawiri ndi sopo, nakhala pampando.

"Bwera kuno. Koma ndikamakoka uzinena."

"Mukoka ndithu," anatero mwanayo akukhala pansi pakati pa mawondo a bambo ake. "Nawonso ankakoka."