Tuerca Wasiya Kutsimphina

Pa kanema, roboti Tuerca anatsika m'chombo cha m'mlengalenga akuyenda chowongoka ngati msilikali. Holo yonse inawomba m'manja. Don Fulgencio yekha, bambo wokalamba, manja ake sanachoke pa ndodo.

Magetsi atayaka, Ximena, mtsikana amene anakonzanso sewero lakale la pa wailesi yakanemali, anathamangira pa mpando wa mkuluyo.

"Don Fulgencio! Mwamuona mwana wanu? Zonsezo ndi kompyuta, mulibe munthu m'kati ngati mmene munkalowera inu."

"Ndamuona. Wachira."

Ximena anaseka. "Eetu! Wakale uja ankatsimphina, mukukumbuka? Chovala chazitini chija chinali chokhota mwendo. Anthu akale inu munkavutika! Ife takonza."

Mkuluyo anayang'ana nsapato yake yakumanzere, ya chidendene chokhuthala. Ndi mwendo umenewo, umene poliyo anaupinda ali mwana, ankayenda m'zitinimo Loweruka lililonse, thukuta likulowa m'maso, nkhope yake osaoneka. Lolemba ana a m'dera lakwawo la Iztapalapa ankapita kusukulu akukoka mwendo mwadala, aliyense akufuna kukhala Tuerca, ndipo palibe amene ankaseka wolumala.

"Bwerani kutsogolo tijambulitse," anatero Ximena. "Atolankhani akudikira."

"Jambulani wochirayo, mwananga."

Anadzuka, nalunjika kukhomo kudutsa pakati pa mipando. Gu, khwee. Gu, khwee.

Kuseka kwa Ximena kunauma. Mayendedwe amenewo ankawadziwa bwino: ndi omwe iye analamula kuti afufutidwe.